Tisiye malo m'mbali mwa pepala

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti mapepala ndi odula. Koma chizolowezi chopanikiza mafunso a mayeso mpaka m'mphepete mwenimweni mwa pepala chikupweteka ana athu.

Maprinta a laser, ngati amene timawapeza m'masukulu ndi m'mashopu kuno ku Liwonde, salemba mpaka kumapeto kwa pepala. Amasiya mamilimita 4 kapena 5 mbali zonse. Odzaza pepala lonse ndi maprinta a inki osindikizira zithunzi. Tsono mukakankhira mawu kumeneko, nambala ya funso imadulidwa, stepula n'kudya mawu ena, fotokope n'kudzamalizitsa. Kodi mwana wokonzekera MSCE azichita kulota funso?

Chinanso, makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America lotambalala mamilimita 216. Lathu la A4 ndi mamilimita 210 okha. Sinthani zimenezi musanayambe kutaipa.

Siyani masentimita 2 mbali zonse. Ngati mukufuna kupulumutsa mapepala, sindikizani kumaso ndi kuseri. Nanunso ophunzira anga akale amene mukulemba makalata ofunsira ntchito, mwamvatu.