Kalata kwa Mkulu wa Maphunziro m'Chigawo cha Kum'mawa

Wolemekezeka,

Ndikukulemberani kuchokera kuno ku Madzimoyo, m'mbali mwa Great East Road. Ndinaphunzitsa giredi 1 zaka zambiri mpaka kupuma, ndipo masiku ano ntchito yanga ya m'mawa ndi kuperekeza mdzukulu wanga ku kalasi ya ana aang'ono, imene inu mumaitcha ECE, ife timati sukulu ya mkaka. Pempho langa ndi limodzi: tiwerengereni ana a m'makalasi amenewa, amene alimo ndi amene akusowa, ndipo mutiuze zimene akuphunzira.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Kale nasale inali ya ana a anthu a m'tauni okhala ndi malipiro a pamwezi. Boma litalemba aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono mu 2013 n'kuyamba kutsegula makalasi awo pa sukulu za pulayimale, ife a kumudzi tinaonako kuwala. Mu Januwale 2022 maphunziro anakhala aulere kuyambira ku ECE mpaka ku sekondale, ndipo chaka chomwecho aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa ntchito. Makolo amene ankabisa ana m'nyumba poopa ndalama anawatulutsa. Izi tinaziona ndi maso.

Koma imani pakhomo pa kalasi nthawi ya m'mawa, muyang'ane ana akulowa. Ambiri ndi a pafupi ndi msewu: ana a aphunzitsi, a ogwira ntchito kuchipatala, a ogulitsa tomato ndi makala pamsika. Mwana wa kumudzi wa kuseri kwa dambo mulibe. Wazaka zinayi sangayende mtunda umene mkulu wake wa giredi 5 amayenda, ndipo mvula ikayamba, mtsinje ukadzaza, palibe mayi angamulole kuwoloka. Mayiyo nayenso sangamubereke kupita naye kusukulu pamene chimanga chikudikira kupalira. Mnyamata akangosinkhukako amapatsidwa ndodo kuti azitsata ng'ombe. Wosamva ndi wosaona amangokhala pakhonde, chonsecho Magwero, kumene kuli sukulu za ana otere, si kutali ndi kuno. Kaundula wa sukulu amalemba amene abwera. Amene sanabwere salembedwa paliponse, ndiye lipoti likafika pa tebulo panu limaoneka lokoma.

Kusiyana kwake ndinkakuona sabata yoyamba ya giredi 1. Ana awiri pa benchi imodzi, msinkhu umodzi. Wina wadzera ku mkaka: pensulo waigwira ndi zala zitatu, buku walitsegula koyenera, ukatchula "ma" iye akuti "mayi, madzi, malaya". Mnzake pensulo waifumbata ngati mpini wa khasu, akukanikiza mpaka pepala kubooka, ndipo ukamufunsa dzina amayang'ana pansi. Nzeru ali nazo, ng'ombe za atate ake amazidziwa zonse mayina, ikasowa imodzi amadziwa asanawerenge. Koma pofika temu yachitatu wayamba kale kukhulupirira kuti sukulu ndi ya ena. M'mera mpoyamba. Ana ambiri amene timawalira akalephera mayeso a kumapeto kwa pulayimale tinawataya pa benchi imeneyi.

Kuwerenga kumene ndikupempha sikufuna ndalama zambiri. Pafupifupi mwana aliyense ali ndi kadi ya kusikelo. Anyakwawa ali ndi mabuku a midzi yawo. Maofesi a maphunziro a m'maboma (DEBS) a Chipata, Kasenengwa ndi Chipangali atakhala pansi ndi azaumoyo ndi mafumu, tingadziwe kuti zoni iliyonse ili ndi ana angati a zaka zitatu mpaka zisanu, anyamata angati, atsikana angati, olumala angati, ndipo angati mwa iwo ali m'kalasi. Tingadziwenso kuti mphunzitsi mmodzi akulera ana angati. Pa sukulu ina ndinapeza mphunzitsi wa ECE atatengedwa kukagwira giredi ina yosowa mphunzitsi, tiana tikungogubuduzika pa simenti, mtsikana wamkulupo akutitonthoza. Pa pepala kalasi imeneyo inali yotsegula.

Za zimene akuphunzira, sindikupempha mayeso. Mwana wa zaka zisanu salembetsedwa mayeso. Mphunzitsi wa giredi 1 angathe kukhala ndi mwana aliyense mphindi zochepa kumayambiriro kwa chaka, kuona ngati akumva maliwu, kuwerenga timiyala khumi, kufotokoza nthano yaifupi, n'kulemba ngati anadzera ku mkaka kapena ayi. Zimenezo zikasonkhanitsidwa zidzationetsa makalasi amene akupindulitsa ana ndi amene akungowasunga.

Izi zafunika kwambiri tsopano chifukwa silabasi yatsopano, imene inayamba mu Januwale 2025, yaika Chingerezi patsogolo kuyambira ku ECE, pamene ya 2013 inkati mwana ayambe ndi chilankhulo chimene akuchidziwa. Ine maganizo anga sindibisa: mwana amene kunyumba amamva Chinyanja chokha amatsegula pakamwa msanga akaphunzitsidwa m'Chinyanja. Ndamva tiana tikuimba zilembo za Chingerezi mokweza bwino, koma ukaloza chilembo chimodzi pa bolodi, zii. Ngati ndikulakwa, ziwerengero zindikonze. Popanda kuyeza, ine ndi inu tonse tikungoganizira.

Musaiwale m'mimba. Chilala cha 2024 chinationetsa kuti pa sukulu yophika phala, kaya la boma kaya la Mary's Meals, ana sajomba. Kamwana kanjala kamagona pa mphasa nyimbo isanathe.

Ndalama za chitukuko za dera la phungu aliyense (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makomiti a m'mawodi akadziwa kuti midzi yakutiyakuti ili ndi ana ambiri opanda kalasi, adzapempha kachipinda ndi chimbudzi chaching'ono pakati pa midziyo, ndipo njerwa tidzaumba tokha monga tachitira nthawi zonse. Madzimoyo ndi malo a sukulu kuyambira pamene mishoni inakhazikitsidwa mu 1903, anthu ake sakana maphunziro.

Chonde, Wolemekezeka, lamulani kuti kuwerengaku kuchitike chaka chisanathe, ndipo zotsatira zake zimatidwe pa chitseko cha sukulu iliyonse, m'Chinyanja, kuti kholo lililonse liwerenge lokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma
Madzimoyo