Dayisi pansi pa kapu

M'malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014, munthu akagwa kuchokera pamwamba amamuponyera dayisi imodzi ya mbali 6 pa mafiti 10 alionse, koma madayisiwo sapitirira 20. Ndiye kuti phompho litalike bwanji, mapointi a moyo amene angachoke saposa 120. Wosewera amene msilikali wake ali ndi mapointi 130 amangosuzumira papepala, n'kuwerengetsa, n'kulengeza kuti akudumpha. Woyendetsa masewerawo, yemwe wataya mate kufotokoza chimphepo ndi miyala yosongoka ili pansipo, amangogwira njakata.

Awa ndi masewera a patebulo: aliyense amakhala ndi mtengambali wake m'nkhani yopeka, mmodzi amayendetsa nkhaniyo, ndipo pamene pali chikayiko amagamula ndi madayisi. Pofuna kubwezeretsa mantha, oyendetsa ena amalanda nambala ya moyo ija n'kuibisa kuseri kwa katoni yomwe amaimika patsogolo pawo. Wosewera sauzidwanso kuti watsala ndi 12 mwa 40. Amangomva kuti nthiti zikubaya, mkono wachita dzanzi, m'maso mwayamba kuda.

Nambalayi sinayambire pa thupi la munthu. Dave Arneson, amene analemba masewerawa ndi Gary Gygax n'kuwatulutsa mu 1974, ankanena kuti anaitenga ku masewera a zombo zankhondo zokutidwa ndi zitsulo za pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Chombo chimalandira mizinga ingapo chisanamire, ndipo osewera a Arneson ankafuna kuti ngwazi zawo zisamafe ndi nkhonya imodzi. Mu 1979, m'buku la Dungeon Masters Guide, Gygax anachita kufotokoza kuti mapointi ambiri a ngwazi si mnofu ayi, koma luso, mwayi ndi chitetezo cha matsenga. Apa pagona vuto loyamba la obisa: mwayi wa munthu ukachepa ndi 9, umaufotokoza ngati bala lotani?

Pali masewera amene kubisaku kumawakhala bwino. Unknown Armies, ya John Tynes ndi Greg Stolze ya mu 1998, inalemba m'malamulo mwenimwenimo kuti woyendetsa ndiye asunge chiwerengero cha mabala, wosewera azingouzidwa mmene thupi likumvera. Ndi masewera a zoopsa, a anthu wamba a m'matauni a masiku ano, ndipo mfuti ikalira kamodzi munthu akhoza kutsirizika. Wolasidwa m'mimba sadziwa ngati afika kuchipatala, ndipo kusadziwako ndiye ndiwo ya masewerawo.

Dungeons & Dragons ndi nkhani ina. Nyumba yake yonse anaimanga pa manambala amene wosewera akuyenera kuwaona. Kabotolo ka mankhwala ochiritsa kamagulidwa ndalama zagolide 50 ndipo kamabweza mapointi 4 mpaka 10: umwe pano kapena udikire? Wansembe amene watsala ndi matsenga ochiza kamodzi kokha ayenera kusankha pakati pa anzake awiri, onse akubuula. Akauzidwa kuti wina "wavulala kwambiri" ndipo winayo "zamuthina", sakusankhanso mwanzeru, akungolota. Woyendetsanso wadzisenzetsa mtolo, chifukwa pamwamba pa zilombo zake zonse akuwerengera moyo wa osewera anayi kapena asanu, uku akusaka mawu atsopano a bala lililonse. Pofika nkhondo yachitatu mawu amatha, aliyense amangokhala "wakha magazi pang'ono".

Choopsa kuposa izi n'chakuti nambala yobisika imasinthika mosavuta. Woyendetsa wachifundo amawonjezera 5 mwakachetechete kuti ngwazi isafe, ndipo osewera akangonunkhiza zimenezi kamodzi, mantha amene ankawasaka aja amathawiratu.

Olemba malamulo a Dungeons & Dragons anayesapo kudutsa pakati. Mu 2008 anaika chizindikiro chakuti aliyense amene moyo wake wafika theka alengezedwe kuti wakha magazi, ndipo malamulo a mu 2024 anachibwezeretsa. Chimathandiza kwambiri pa zilombo, zomwe mapointi ake amabisidwa kale pa matebulo ambiri popanda wodandaula.

Koma amene anaiganizira bwino nkhaniyi ndi Sean McCoy m'masewera a Mothership, a zoopsa za m'mlengalenga. Kumeneko wosewera amaona manambala ake onse mpaka mtengambali wake atagwa. Akatero, woyendetsa amaika dayisi m'kapu, n'kukhutchumula, n'kuvundikira kapuyo patebulo. Palibe woona, ngakhale woyendetsayo. Kapu imavundukulidwa pokhapokha mnzake wina atasiya kuwombera n'kukagwada kuti aone ngati wagwayo akupuma. Chinsinsi chilipo, chinyengo palibe, ndipo chobisikacho chimakakamiza wina kuika moyo wake pachiswe.

Oyendetsa Dungeons & Dragons akhoza kubwereka nzeruyi osasintha lamulo lina lililonse. Mtengambali akafika pa 0 amaponya dayisi ya mbali 20 nthawi yake ikakwana, ndipo akalephera katatu wafa. Zikamachitika poyera, anzake amawerenga n'kunena kuti mpata ukadalipo, ayambe amaliza chilombo. Madayisi amenewo akavundikiridwa, wansembe amathamanga nthawi yomweyo.