Mango a ku Nkhotakota: kupopera mosaona nyengo kukupha alonda a mtengo

Mitengo ya mango m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota imachita maluwa pakati pa Julayi ndi Seputembala, ndipo zipatso zimapsa kuyambira mu Novembala. Kale maboloma ambiri ankaolera pansi kaamba kosowa msika. Lero kampani ya Malawi Mangoes ku Salima ikugula mango kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo ena alumikiza mitengo yawo ndi mitundu ya Kent, Keitt ndi Tommy Atkins. Mtengo ukasanduka ndalama, mlimi amathamangira mankhwala. Vuto lagona pamenepo.

Pakati pa adani a mango pali tiakangaude tosaoneka bwino ndi maso, tofanana ndi kangaude wofiira amene amavuta alimi a tomato. Tina timayamwa madzi a m'masamba mpaka masambawo kufiirira, pomwe tina timabisala mu mphukira. Chiwerengero chake chimatsata nyengo. M'chilimwe, makamaka mu Okutobala pamene kuli kotentha ndi kouma, timaswana mofulumira. Mvula yamphamvu ikayamba, tambiri timakokoloka.

Komabe mtengowo uli ndi alonda ake. Pali tiakangaude tina tolusa timene timadya toonongato pamodzi ndi mazira ake. Alondawa amachuluka mochedwerapo chifukwa amadikira kuti chakudya chiyambe chapezeka. M'masabata amenewa m'pamene mlimi amaona masamba akusintha mtundu n'kupopera mankhwala monga cypermethrin, omwe sasankha mdani kapena bwenzi. Alonda amafa msanga, ndipo toononga totsala timabwereranso mwamphamvu popanda wotiletsa.

Anthu a ku Nkhotakota, amene amadalira kondowole, phunziroli analiona kale pa chinangwa. M'zaka za m'ma 1980 kodikodi atasakaza minda ya m'mbali mwa nyanja, chimene chinathandiza ndi kamavu kochokera ku South America komwe akatswiri anakamwaza m'minda. Kangaude wobiriwira wa chinangwa, yemwe anayamba kuoneka mu Africa ku Uganda mu 1971, nayenso anachepa bungwe la IITA litabweretsa kangaude wolusa kuchokera ku Brazil. Linamumwaza koyamba ku Benin mu 1993, ndipo anafalikira m'maiko ambiri.

Choncho alangizi a zaulimi akuyenera kuphunzitsa alimi kuyendera mitengo sabata iliyonse m'chilimwe, kuyang'ana masamba ndi galasi lokuza zinthu, ndi kupopera pokhapokha toononga tachulukadi. Mvula ikayandikira, nthawi zambiri kudikira kumaposa kugula botolo. Bungwe la Pesticides Control Board nalonso likhwimitse malamulo kwa ogulitsa mankhwala opanda chizindikiro m'misika.

Ogula a kunja amayeza mankhwala otsalira m'zipatso asanalandire katundu. Mlimi wopopera mwachisawawa akhoza kutaya alonda a mtengo wake pamodzi ndi msika womwe.