Mwana wopita kunja aphunzire kuyankhula, foloko ibwere pambuyo

Aphunzitsi anzanga, kwa zaka zambiri ophunzira a ku Dzaleka kuno ku Dowa akhala akupita ku Canada kudzera ku WUSC, ndipo athu a ku Mponela ndi Ntchisi amalakalaka mwayi wotere. Koma mwana akaupeza, alangizi ake amangolimbikira za foloko ndi majekete. Ine ndikuti akuphonya!

Kwathu mwana waulemu amazolika, ndipo nsima amayamba waikana mpaka amukakamize. Kumeneko ukati "ndakhuta", mbale achotsa, ugona ndi njala. Ukazolika, aziti ukubisa kanthu. Choopsa n'chakuti mwana wozolowera kusayankha akulu sangaulule akamazunzidwa m'nyumba ya eni.

Asanakwere ndege ku Lumbadzi, aphunzire kunena "ayi" ndi "ndadwala", ndipo aloweze nambala ya wokamudandaulira. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.