Phala si nyambo

Mwezi watha ndinapita ku Mangochi kukaona mwana wa alongo anga, amene amaphunzitsa pa sukulu ya mkombaphala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, mukapatuka pang'ono pa msewu wa ku Monkey Bay. Sukuluyo ndi chipinda chimodzi, khonde, ndi mtengo wa mango umene pansi pake amaphikirapo phala. Ana amayamba kufika dzuwa lisanatenthe, ena atagwirana manja ndi akulu awo, ena ali kumbuyo kwa amayi awo amene akupita kugombe kukayanika usipa pa thandala.

Ana a mpingo wathu m'kalasimo mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ambiri ndi ochokera m'mabanja a Chisilamu, monga zilili m'madera ambiri a boma la Mangochi, ndipo kwawo amalankhula Chiyao. Madzulo titakhala pa mphasa ndinamufunsa funso limene mwina inunso mukanafunsa: “Nanga iwe mwanangu, za Yesu umawauza bwanji anawa?”

Anayamba waseka, kenaka nkuti, “Azakhali, poyamba ndinalakwitsa.”

Chaka chake choyamba ankaphunzitsa monga momwe amaphunzitsira kalasi ya ana ku Sukulu ya Sabata. Nyimbo zinali za kutchalitchi, mapemphero ambirimbiri, ndipo makolo sanawauze chilichonse. Tsiku lina m'mawa kunafika bambo wina, msodzi, atangochoka kumene pa nyanja. Analonjera mwaulemu, nakhala pa benchi, nkunena kuti: “Aphunzitsi, mwana wanga akuyimba za kutchalitchi pakhomo panga, agogo ake akumva. Ine ndinamubweretsa kuti adziwe kuwerenga. Kodi zinazi munandifunsa?”

Akuti usiku umenewo tulo sanatione. Mtima wina unkamuuza kuti uku ndi kuzunzidwa chifukwa cha uthenga wabwino. Koma atalingalira bwino anaona kuti bamboyo sanamunyoze, ndipo funso lake linali loona. Anamusiyira mwana wa zaka 4 pomukhulupirira, iye nkumachita zinthu kumbali.

Mawa lake anapita kunyumba kwa bamboyo kukapepesa. Chikhulupiriro chake sanachikane, anapepesa chifukwa chosawauza. Kenaka anapempha komiti ya sukulu kuti iyitane makolo onse, amfumu ali pomwepo. Anawauza poyera kuti iye ndi Mkhristu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, kuti asanagawe phala amathokoza Mulungu, ndi kuti amakonda kufotokoza nkhani za m'Baibulo. Anati kholo limene silikufuna kuti mwana wake azikhala nawo pa nthawiyo linene, mwanayo azisewera pakhonde ndi mlezi wina, ndipo kapu yake ya phala sidzachepa ngakhale pang'ono. Banja limodzi linachotsa mwana wawo, ndipo mpaka lero sanabwerere. Ena onse anatsala, pamodzi ndi mwana wa msodzi uja.

Ena mwa ife tikamva nkhani yotere timati mphunzitsiyo anagonja. Mkulu wina wa mpingo anamulangiza kuti ana amene abwera ku tchalitchi pa Sabata aziwapatsa phala la shuga wambiri Lolemba, kuti anzawo akopeke. Iye anakana. Anthu a kunyanja amaidziwa bwino nyambo: nsomba imaona chakudya, mbedza yabisala m'kati. Kholo likangozindikira kuti phala la mwana wake lili ndi mbedza, silidzakhulupiriranso chilichonse chochokera kwa Akhristu, ngakhale chitakhala mankhwala.

Ife a Adventist nkhaniyi iyenera kutikhudza kuposa ena. Ndi kangati tadandaula pamene ana athu akakamizidwa kulemba mayeso kapena kupita m'kalasi tsiku la Sabata? Timathamangira ku Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, amene mu gawo 33 amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Ufulu womwewo ndi wa msodzi wa ku Mangochi pa mwana wake. Sitingaufune pa ana athu, nkumaunyalanyaza pa ana a eni.

Werenganinso Marko 10:13-16. Ana amene Yesu anawayangata ndi kuwadalitsa anachita kubwera nawo kwa Iye akuluakulu. Amene anawadzudzula ndi ophunzira ake omwe, chifukwa choima pakati.

Tsono chikhulupiriro chake amachigawa bwanji? Ndinakhala m'kalasimo masiku atatu. M'mawa amaima pakhomo ndi kulonjera mwana aliyense ndi dzina lake, ena m'Chiyao chimene waphunzira kwa anawo, ngakhale amamuseka akaphonya mawu. Nkhani zimene amasankha kawirikawiri ndi za Nowa, Yosefe, Mose ndi Yona, anthu amene makolo a anawa amawadziwanso m'Korani monga Nuhu, Yusufu, Musa ndi Yunusu. Nkhani ya Yona ikafika pa chinsomba, ana a asodzi amayamba kutsutsana ngati chinali chachikulu kuposa kampango amene bambo awo anagwirapo. Za Yesu sazibisa. Amafotokoza momwe anachiritsira odwala ndi momwe anadyetsera khamu ndi mikate ndi tinsomba ta mnyamata. Koma sauza mwana kuti makolo ake ndi otayika, ndipo mwana akafunsa funso lovuta amati, “Ine ndimakhulupirira motere, ukafunsenso amayi ako kunyumba.”

Gawo lalikulu la ntchito yake ndi la thupi. Pambali pa chimbudzi pali mpondagiya ndi sopo, ndipo palibe mwana amene amalandira phala asanasambe m'manja. Anthu a kuno sanaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anavuta kwambiri m'boma la Mangochi. Mwana akafika thupi likutentha, samupatsa mankhwala mongoganizira, amaitana kholo kuti apite naye kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Amakumbutsa amayi kuti neti ndi yogonamo, ngakhale ena amaitenga kukakokera tinsomba.

Palinso likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndi kulowa pakhungu pamene mwana akusamba kapena kusewera m'nyanja. Ena amayesa kuti mnyamata akamakodza magazi ndiye kuti akukula. Ayi, ameneyo akudwala, ndipo likodzo likakhalitsa limachepetsa magazi, limafooketsa mwana, limawononga chikhodzodzo. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka kuchipatala. Amene anayamba kuona timadontho ta magazi pa kabudula wa mwana wa msodzi uja ndi mphunzitsi wathuyu, pomuthandiza kuchimbudzi. Anapita kukawauza amayi ake mwakachetechete, nawaperekeza kuchipatala. Bamboyo sanasinthe chipembedzo, Lachisanu lililonse amapita ku mzikiti monga kale. Koma mphunzitsiyu atadwala mwezi wa Juni, chambo choyamba chimene chinafika pakhomo pake chinachokera kwa iye, ndi uthenga wakuti banja lonse likumupempherera.

Mwina mukufunsa kuti, nanga zipatso zili kuti? Mbali yomwe ino ya nyanja ili ndi phunziro lake. Amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ku Cape Maclear mu 1875. Anatsegula sukulu, anachiza odwala, ndipo ena mwa iwo anamwalira ndi kuikidwa komweko. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chomwecho chimene mishoni inasamukira ku Bandawe. Wowerenga manambala akanati ntchito yalephera. Koma masukulu ndi mipingo imene inatuluka mu mishoni imeneyo ilipo mpaka lero. Mphunzitsi wa ana a zaka 3 mpaka 5 nayenso sangayembekezere kukolola nyengo yomweyo. Ambiri mwa anawa adzaiwala dzina lake. Chimene chingatsale ndi chakuti Mkhristu woyamba amene anamudziwa pafupi sanawanamize makolo awo, ndipo anawapukuta mamina ndi nsalu yake.

Usiku womaliza ndinamupeza atatsegula kaundula wa kalasi pa bedi. Amatero tsiku lililonse: amawerenga maina mmodzimmodzi, napempherera mwana aliyense ndi a pakhomo pake. Dzina la mwana amene anachotsedwa uja analikopera pa tsamba lomaliza, ndipo nalo amalitchula.

Ngati mpingo wanu uli ndi sukulu ya mkombaphala, kapena muli ndi ana a anansi amene amasewera pabwalo panu, yambani ndi makolo awo. Auzeni chimene mumakhulupirira ndi chimene mudzaphunzitse, mverani yankho lawo, ndipo sungani lonjezo lanu. Ndipo ngati mukudziwa mlezi wa pa sukulu yotere, amene nthawi zambiri amagwira ntchito mongodzipereka popanda malipiro, mukamuone sabata ino. Mutengereni sopo, ufa wa phala kapena makapu, ndipo mupemphere naye.