Ngozi inapita, koma m'mutu siinachoke

Lero tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya yemwe uja anaitanitsa moto pa phiri la Karimeli, atamva kuti Yezebeli afuna kumupha, anathawira kuchipululu n'kupempha kuti angofa. Mngelo sanamudzudzule ayi. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Pakati pathu alipo amene zoopsa zinawadutsa kalekale koma akali kuziona. Achipatala amati PTSD: munthu amalota zomwe zija, chitseko chikamenya amanjenjemera, malo a ngoziyo safuna n'kuwadutsa komwe, mwezi n'kutha zili choncho. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi zoopsa pa moyo wawo, koma odwala nthendayi ndi ochepa. Ndiye imagwira ndani?

Inu amalonda okwera basi ya ku Lusaka usiku, amene munaonapo mitembo pa Great East Road, kapena munalozedwapo chikwanje pochokera ku Mwami ndi katundu, muli m'gululi. Ngakhale nesi ndi wapolisi otola ovulala. Achikulire amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kukhala ku Ukwimi, nkhondo inatha 1992, koma ena tulo sanatipezebe.

Koma amene ndikudandaula nawo kwambiri ali m'nyumba zathu kuno ku Chipangali. Azimayi amadwala nthendayi kuposa azibambo, ndipo kugwiriridwa kuli m'gulu la zoopsa zimene zimaibweretsa kwambiri. Mayi womenyedwa sabata iliyonse, mwana wokula akuonerera zimenezo, kamtsikana kogwiriridwa ndi wachibale kenaka banja n'kukauza kuti khala chete usatichititse manyazi. Zoopsa zikamabwerezabwereza, munthu n'kusowa womumvera, chiopsezo chimakula. Apa ndiye pamene ife a mpingo tilakwa. Timathamangira kunena kuti ndi ziwanda, mwina kuti chikhulupiriro chachepa. Kodi Eliya chinamuchepera?

Mupempherereni, inde, koma mumuperekezenso kukiliniki. Akatha kumutumiza ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Ngati ndi nkhanza, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala 933 ndi yaulere, ya ana ndi 116. Amayi a Mothers' Union, mukapita kukamuona musamuumirize kufotokoza. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu.