Mpanda ukakwera, wozembetsa anthu amakwezanso mtengo

Pa 24 Marichi 2020, thiraki yochokera ku Malawi inaimitsidwa pa sikelo ya Mussacama, m'chigawo cha Tete. Atatsegula kontena anapezamo anthu 78 a ku Ethiopia. Mwa iwo, 64 anali atafa chifukwa chosowa mpweya. Msewu umene anadzera ndi womwe ambiri amadzera popita ku South Africa, kumene ife timati ku Joni.

Mwina mukuti: amenewo ndi alendo, nkhani yake si yathu. Koma onani m'mudzi mwanu. Ndi mabanja angati amene ali ndi mwana ku Joni? Nanga ndi angati mwa ana amenewo anapita ndi pasipoti?

Munthu sasiya kwawo chifukwa chokonda ulendo. Munda wa atate ukagawidwa kwa ana asanu, aliyense amatsala ndi kachigunda. Feteleza wakwera mtengo. Chaka china mvula imadula msanga, chaka china madzi amakokolola chimanga. Mnyamata wamaliza sukulu, ntchito palibe. Kenaka mnzake amabwera pa Khirisimasi ndi foni yatsopano, n'kugula malata a nyumba ya amayi ake. Za usiku umene anagona pa thengo pothawa apolisi, sanena.

Palinso chifukwa china chimene maiko olemera sakonda kuchitchula. Kumeneko kuli mabwana a mafamu, a zomangamanga ndi a m'nyumba amene amafuna dala wantchito wopanda mapepala. Wotere amalandira ndalama zochepa. Akamubera malipiro sangakadandaule, chifukwa akuopa kugwidwa.

Maboma ambiri yankho lawo ndi mpanda. United States inamanga khoma pa mbali zina za malire ake ndi Mexico. Spain inazinga mizinda ya Ceuta ndi Melilla ndi waya wautali. Ife mpanda timaudziwa bwino. M'zaka za m'ma 1980, boma la tsankho la South Africa linaika waya wamagetsi pa malire athu, kufupi ndi Komatipoort. Anthu othawa nkhondo anafera pa waya umenewo. Ena anadzera m'nkhalango ya Kruger, muli mikango. Koma sanasiye kuwoloka.

Dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza malire ake, ndipo ifenso timateteza athu. Koma ife tikuti mpanda pawokha suthetsa vutoli. Njira ikavuta, munthu amafunafuna womutsogolera. Wozembetsa uja amakweza mtengo, n'kusankha njira yoopsa kuposa kale: kontena yotseka, mtsinje wodzaza, usiku. Ngati mafamu akufunadi manja athu, maboma awiriwa akulitse njira ya kontirakiti, monga ija imene agogo athu ankapitira ku migodi kudzera ku Wenela. Bwana wolemba munthu mobisa naye alangidwe, osati wantchito yekha. Boma lathu nalonso libweretse pasipoti pafupi ndi anthu a kumidzi.

Pakadali pano, inu amene mukuganiza zopita, dziwani izi. Pasipoti imapangidwa ku ofesi ya Migração, yotchedwa SENAMI, ndipo pamafunika BI yanu. Ndi pasipoti ya Moçambique mungalowe ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Masiku amenewo ndi ocheza, si ogwira ntchito. Ntchito ili ndi chilolezo chake. Mukapitirira masikuwo, angakuletseni kulowanso kwa chaka chimodzi, mwinanso zisanu. Ogwidwa opanda mapepala ambiri amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo.

Wina akakuuzani kuti pasipoti ndi yosafunika, iye adziwa njira, mufunseni kuti mukwera chiyani ndipo mudutsa pa chipata chiti. Akati akusungireni mapepala anu, musam'patse.